Alamu Anga Ankataya Madzi

Alamu anga, amuna a akulu anga, ntchito yawo ndi kumata matayala. Akhala akumata kwa zaka zoposa makumi atatu pa chisakasa chimodzimodzi cha malata anayi, kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pomwe msewu wa malole umakumana ndi kamsewu kopita kumsika. Dzina lawo lenileni amalitchula ndi a kuchipatala okha, madalaivala amangoti a Mpweya. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wa zikhadabo zakuda zomwe sopo anazigonjera kalekale. Ine ndinawadziwa ndili kamtsikana kosatha n'kupesa komwe, iwo akuzungulirazungulira pakhomo pathu chifukwa cha akulu anga, ndipo kuyambira pamenepo timanyozana monga achitira alamu. Iwo amati pakamwa panga palibe valavu. Ine ndimati mutu wawo ndi wouma kuposa tayala la thirakitala.

Pali zinthu ziwiri zomwe aliyense wowadziwa angakuuzeni. Choyamba, sanama. Tayala likakhala kuti latha, amakuuza kuti latha, ngakhale utawanyengerera kuti angomata ukafike kunyumba. Chachiwiri, amamvera chisoni chinthu chilichonse chomwe chili ndi chigamba. Wanjinga akamapopa chubu chomwe angomata kumene, iwo amamugwira dzanja n'kunena kuti, "Basi, aphwanga. Chubu chomata sapopera mpaka kulimba. Chisiyireni mpata chipume." Malangizo amenewa apulumutsa machubu osawerengeka m'tauni mwathu.

Matenda anabwera ali ndi zaka 56. M'mawa wina anaona magazi mu mkodzo, nakhala chete masabata awiri monga achitira amuna, mpaka akulu anga anazindikira okha pochapa. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anawatumiza ku chachikulu, ulendo wa theka la tsiku pa basi. Kumeneko atawajambula anapeza zinthu ziwiri. Mu impso ya kumanja munali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, ndipo sichinamere m'mphepete pomwe mpeni umafika mosavuta, chinakhala pakati penipeni, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Impso ya kumanzere inali kanthu kofota, kosagwira ntchito chibadwire.

Dokotala wake anali mayi wochepa thupi wovala magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Atamaliza kufotokoza, alamu anakanda m'mutu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda wopanda sipeya?"

"Ndi momwemo, bambo," anatero dokotala. "Chotupa chikakhala pamalo ngati awa, kawirikawiri timachotsa impso yonse, inayo n'kutsala ikugwira ntchito. Inu ina mulibe. Ndiye tidula chotupacho, tisiye mbali ya impso yomwe tingathe kusiya."

Anafotokozanso kuti podula amayamba atseka mtsempha wa magazi ndi kachitsulo kokhala ngati kopanira zovala pachingwe, ndipo mphindi iliyonse yomwe impso ikhala yopanda magazi imaipweteka. Yotsalayo ikalephera, kwatsala makina osefa magazi, katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, moyo wonse. Makinawo anali ku chipatala chachikulu kokha. Sipanafunike wina kutimasulira tanthauzo lake. Chisakasa chikanatsekedwa, banja likanasamuka, ndipo akulu anga akanasiya ntchito yawo yochapa ndi kusita pa sukulu yogonera komweko, pomwe anali atagwira zaka 22 osajombapo.

Wodikirira wodwala ndinali ine. Ndimagulitsa matikiti pa depoti ya mabasi, ndipo kupeza tchuthi kwa ine n'kosavuta kusiyana ndi akulu anga. Opaleshoni inatenga maola asanu. Dokotala atatuluka, chipewa chidakali kumutu, anatiuza kuti chotupa chachoka chonse, mtsempha unatsekedwa mphindi 26, ndipo pa magawo atatu a impso atsala awiri. Ndinalira pa benchi pomwepo, anthu akundiyang'ana, ndipo sindinachite manyazi.

Kuyambira tsiku limenelo m'banja mwathu munalowa nambala. Amaipeza poyeza magazi, ndipo imasonyeza mphamvu yomwe impso ikusefera. Dokotala anati tiziiona ngati malikisi a mayeso. Opaleshoni isanachitike inali 68. Sabata yoyamba inagwa kufika 39, zomwe anati n'zoyembekezeka, chifukwa impso yomwe yakhala yopanda magazi imayamba yadzidzimuka. Patatha masabata asanu ndi limodzi inakwera kufika 52, n'kuima. Dokotala anasangalala nayo. Anati munthu angakalambe bwinobwino ndi 52, ndipo za makina zimayamba kukambidwa nambala ikatsika kupitirira 15.

Koma ndikumbuka funso lomwe alamu anafunsa akadali pa bedi, paipi ya mkodzo ikulendewera m'mbali.

"Adokotala, pomwe mwadulapo mwamata ndi chiyani?"

"Tasoka, bambo."

"Ndi ulusi?"

"Eya, ulusi wake wapadera."

Alamu anangoti, "Oho," n'kuyang'ana kudenga. Ine ndinaseka, ndinkaganiza kuti ndi nthabwala za amisiri. Sindinadziwe kuti munthuyo wayamba kuwerengera zake m'mutu.

Tsiku lotuluka, namwino anatiwerengera malamulo ali chiimire, odwala ena akumuitana. Musanyamule zolemera. Chepetsani mchere. Musamwe mapiritsi opha ululu ogula mu golosale. Muzimwa madzi ambiri. Zonse zinali zoona, koma palibe anatchula chifukwa chake, ndipo alamu anga si munthu wotsatira lamulo lomwe sakuliona mutu wake. Iwo chomwe anagwira n'chakuti impso ntchito yake ndi ya madzi, ndipo yawoyo ili ndi chigamba chosoka ndi ulusi.

Patatha miyezi iwiri anabwerera ku chisakasa. Matayala a malole anayamba kuwakana, ankangogwira a njinga ndi a magalimoto ang'onoang'ono. Akulu anga anagula botolo la malita awiri la chivundikiro chobiriwira. M'mawa uliwonse ankaphitsa madzi, kuwaziziritsa, kudzaza botololo n'kuliika m'chikwama cha amuna awo asanathamangire kuntchito. Madzulo botolo linkabwera lopanda kanthu.

"Atha madzi aja?" ankafunsa akulu anga.

"Atha," ankayankha alamu.

Dokotala uja ankabwera ku chipatala chathu chaching'ono Lachinayi limodzi pa mwezi, ndipo ine ndinkawaperekeza. Asanalowe kwa dokotala ankayamba adutsa kwa namwino, mtsikana waulemu kwambiri yemwe sakanatha kufunsa bambo wa imvi kuti mukukodza kangati. Ankafunsa mwa ulemu wa kwathu.

"Bambo, nanga madzi mukutaya bwinobwino?"

"Ndikutaya, mwanangu. Tsiku lililonse."

"Ochuluka?"

"Ochuluka ndithu."

Namwino ankalemba m'buku. Ine ndinali pampando pomwepo maulendo atatu onse, ndipo chomwe ndinaona n'chakuti poyankha ankayang'ana nsapato zawo. Ndinkati ndi manyazi a nkhani ya kuchimbudzi pamaso pa mlamu.

Nambala inayamba kutsika. Mwezi woyamba 44, wachiwiri 33, wachitatu 24. Alamu anaonda, milomo inkachita kusweka, ndipo masana ankawodzera pa tayala lomwe amakhalira. Dokotala anawajambulanso, koma chotupa sichinabwerere ndipo njira ya mkodzo sinatsekeke. Anavula magalasi n'kunena mosabisa kuti mutu wake waima. Kenako anati mwezi wamawa zikapitirira chonchi, adzawakonza mtsempha wa pamkono pokonzekera makina, ndipo tiyambe kuganiza za malo okhala kufupi ndi chipatala chachikulu. Tsiku limenelo akulu anga anali nafe. Sanalankhule kanthu m'chipindamo, sanalankhulenso pa njira yonse. Akulu anga ndi otero chikhalire, sadandaula ndipo safunsa nzeru kwa munthu, umangoona chinthu chachitika.

Zinaululika Lachiwiri lina masana, dzuwa likuswa mtengo, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti dokotala abwerenso. Mpopi wa pa depoti unali wouma, ndiye ndinati ndipite kwa alamu ndikawabere madzi a m'botolo lawo. Ndili tsidya lina la msewu, kudikira lole idutse, ndinawaona atagwada pa beseni lawo lakale lomwe amamizamo machubu pofufuza pobooka. Anatsegula chivundikiro chobiriwira chija n'kukhuthulira madzi onse mu besenimo, mosamala, ngati munthu wothirira mbewu. Atatha anagwedeza botolo kuti madontho otsala agwe, n'kulibwezera m'chikwama.

Ndinawoloka msewu osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

"Alamu, mwapenga?"

Anadzidzimuka, koma sanakane. Anapukuta manja pa ovolosi n'kundikokera tayala kuti ndikhale.

"Khalani pansi, alamu, musaitane anthu. Inu mwaphunzira, ndiuzeni. Chinthu chodula pakati, chosoka ndi ulusi, mungamachithire malita awiri tsiku lililonse? Ine zigamba ndazigwira zaka makumi atatu. Chigamba chimafuna kupuma. Ndimati ndiipatse mpata ipole kaye, ikalimba ndiyamba kumwa."

"Ndiye mukumwa chiyani?"

"Tiyi kapu imodzi m'mawa. Madzulo theka la kapu, yomezera chakudya."

"Miyezi itatu?"

"Ludzu limandipha, musaganize kuti n'zophweka. Koma ndili nayo imodzi yokha. Ndikapanda kuisamala ine, aisamala ndani?"

Mkwiyo ndi chisoni zinandigwira nthawi imodzi. Munthuyu ankadzizunza ndi ludzu padzuwa, pambali pa beseni lodzaza madzi, poganiza kuti akuchitira chifundo impso yake. Nditayang'ana m'chitini chomwe amasungamo zigamba ndi guluu ndinapezamonso mapiritsi opha ululu, omwe dalaivala wina anawapatsa atawamva akubuula ndi bala. Anati amamwa awiri patsiku, opanda madzi.

"Nanga namwino uja mumamunamiza bwanji, inu osanama?"

"Sindinamunamizepo. Amafunsa ngati ndikutaya madzi. Kodi sindikutaya?"

Kunena zoona ndinaseka, ngakhale m'maso munali misozi. Mapiritsi ndinawaponya m'ngalande. Ndinakagula madzi pa malo omwetsera mafuta paja n'kuwaimirira mpaka atamwa, iwo akumeza ngati mankhwala owawa, dzanja lili pa bala. Kenako anandipempha chinthu chimodzi.

"Mayi a kunyumba musawauze. Amadzuka m'mamawa kuphitsa madzi amenewa. Tiyambe tamva kwa adokotala ngati ndalakwadi, ndikatero ndiwauza ndekha ndi pakamwa panga."

Ndinavomera. Ndinkaona ngati ndikusunga ulemu wa bambo m'nyumba mwake, ndiponso, ndisabise, zinkandikomera kukhala ndi chinsinsi chowanyozera alamu moyo wonse. Masiku asanu ndi anayi amenewo ndinkapita ku chisakasa nthawi ya nkhomaliro komanso ndikaweruka, kukawamwetsa madzi ngati mwana. Lamlungu ndinadya kunyumba kwawo, ndinatsuka mbale ndi akulu anga, tinacheza za mtengo wa sopo, ndipo pakamwa panga popanda valavu paja panatsekeka ndithu.

Lachinayi akulu anga anati sapita nafe, ali ndi zoti alongosole kuntchito. Namwino atatsegula buku lake n'kufunsa funso lake lija, ine ndinalowerera.

"Asisi, afunseni bwino. Madzi ake ati, ndipo akutayira kuti?"

Mtsikanayo anatiyang'ana tonse awiri. Alamu anafotokoza okha, kuyambira pa ulusi mpaka pa beseni, osasiya ndi mapiritsi omwe. Namwino anagwira pakamwa, kenako anatuluka kukaitana dokotala osatseka n'chitseko chomwe.

Dokotala sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi alamu.

"Bambo, impso si chubu. Siisunga madzi kuti ifufume. Madzi amangodutsamo, ndipo akamadutsa m'pomwe imakhala moyo. Pomwe tinasoka panapola kalekale, masabata oyambirira omwe aja. Chomwe chimaipha impso ndi kuuma, ndipo mapiritsi ajawo amachepetsanso magazi ofika kumeneko."

"Ndiye kuti ndimaipha ndine?"

"Mumaipweteka, eya. Koma kulakwa n'kwathunso. Tinakuuzani kuti muzimwa, sitinakuuzeni chifukwa chake. Ndipo funso lathu tinkalifunsa mozungulira."

Magazi a tsiku limenelo anasonyeza 29. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu nambala inali itakwera. Dokotala anati za mtsempha wa pamkono tiyambe taziika pambali. Alamu anafunsa ngati idzabwerera pa 52.

"Sindikulonjezani," anatero dokotala. "Ina ibwerera, ina yapita. Tiona pomwe iime."

Tinatuluka mitima ili m'malo. Pa njira ndinawanyoza mpaka tinafika, ndinati mawa ndikalemba pa chisakasa chawo kuti pano timamata matayala ndi kuumitsa impso. Iwo ankangoseka chamumtima, koma titayandikira kunyumba anasiya kuseka, n'kundipempha kuti ndilowe nawo.

Dzuwa linali litapendeka. Akulu anga tinawapeza pakhonde akupinda zovala zomwe anali atangoanula, pambali pawo pali makatoni atatu opanda kanthu. Alamu sanakhale pampando wawo. Anakhala pa sitepe, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse monga anafotokozera kuchipatala. Akulu anga anamvetsera mpaka kumapeto, malaya ali pamiyendo.

"Ndiye makina aja kulibe?"

"Pakadali pano kulibe, amayi. Yakwera kufika 29."

"Tithokoze Mulungu," anatero akulu anga, ndipo ndinaona kuti akunena kuchokera pansi pa mtima. Anapinda malaya aja n'kuwaika pamwamba pa anzake. "Madzi onse aja ankathera mu beseni?"

"Mu beseni, amayi. Ndinalakwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako ananena ndi mawu omwe amanenera kuti mchere watha.

"Ine kalata yosiya ntchito ndinapereka Lolemba. Chipinda ndinapeza kale, kuseri kwa chipatala chachikulu. Ndimati ndikuuzeni lero mukabwera ndi tsiku la mtsempha, kuti musavutike ndi maganizo a kokhala."

Alamu anayang'ana makatoni aja, ndipo ndi pomwe ine ndinazindikira ntchito yake.

"Mukaitenge kalatayo," anatero alamu. "Mawa m'mawa tipitire limodzi."

"Sukulu ikutsegulira sabata yamawa, sakanadikira. Wina anayamba dzulo. Lero ndimamusonyeza mosungira sopo ndi makiyi."

Atatero anatembenukira kwa ine. Akulu anga anandilera mayi athu atamwalira, ndipo akandiyang'ana choncho ndimabwerera kukhala kamtsikana.

"Iwe unadziwa liti?"

"Lachiwiri la sabata yatha."

"Lamlungu unali pano."

"Ndinali pano, akulu."

"Tinatsuka mbale limodzi."

Ananyamula zovala kulowa nazo m'nyumba, ndipo patapita kanthawi tinamva akuika ketulo pamoto. Ndikanakonda akanandikalipira, kapena kundithamangitsa pakhomopo. Mpaka lero nkhaniyo sanaitchulenso, ndipo ine manyazi ake sanandichoke.

M'mawa mwake alamu anavala jekete la ukwati wa mwana wawo n'kupita kusukulu kuja okha. Anadikira pa benchi mpaka masana kuti aonane ndi woyang'anira antchito. Anafotokoza zonse osadzikometsera, ndipo bamboyo akuti anamva chisoni kwambiri, koma anati sangachotse munthu yemwe wangomulemba kumene, nayenso ali ndi ana. Analonjeza kuti malo akadzapezeka adzatumiza uthenga. Papita zaka ziwiri tsopano.

Nambala inakwera mpaka 43 n'kuima pomwepo. Miyezi itatu iliyonse amakayezetsa magazi, imatuluka 41, 43, 42, ndipo dokotala akuti akaisamala mwina makina sadzawaona. Chotupa sichinabwerere. Alamu akumatabe matayala a njinga ndi magalimoto ang'onoang'ono, amamwa madzi awo mpaka kutha, ndipo amathamangira kuseri kwa chisakasa kasanu patsiku madalaivala akuwaseka. Namwino uja ndamva kuti masiku ano amafunsa odwala onse mosazungulira, ngakhale agogo, kuti mwakodza kangati lero.

Akulu anga amasita zovala za anthu kunyumba, pa tebulo lodyera, atayalapo bulangete lakale. Makasitomala ndi aphunzitsi awiri ndi banja lina la pamsewu wathu. Amadzukabe nthawi yomwe ankadzukira popita kuntchito, ndipo belu la sukulu ija limamveka mpaka pakhonde pawo. Alamu akabwera kuchokera koyezetsa amaima pakhomo, pepala lili m'manja.

"Ili pa zingati?" amafunsa akulu anga, maso ali pa kolala ya malaya a munthu wina.

"Pa 42, amayi."

"Chabwino," amatero, n'kutembenuza malayawo kuti asite kumsana.